Makalata a Jefferson ndi ngongole ya chuma chamasiye

Akonzi,

Otama Thomas Jefferson, pulezidenti wachitatu wa America, aziwerenganso makalata ake. Apongozi ake, John Wayles, atamwalira mu 1773, banja la Jefferson linalandira maekala pafupifupi 11,000 ndi akapolo 135, komanso ngongole yaikulu kwa amalonda a ku Bristol ku England, Farell ndi Jones. Jefferson anagulitsa malo ena kuti abweze, koma ogula anamulipira ndi ndalama zapepala zimene zinatha mphamvu nkhondo yomenyera ufulu wa America ili mkati. Mu 1787, ali ku Paris, ankalembabe makalata okana kulipira chiwongoladzanja cha zaka za nkhondoyo, chikhalirecho iye mwini sankadziletsa pogula mabuku ndi vinyo.

Anamwalira mu 1826 ndi ngongole yoposa $100,000. Chimandiwawa kwambiri n'chakuti kuyambira mu Januwale 1827 akapolo 130 a ku Monticello, munda wake, anagulitsidwa pamalonda, ana kwina amayi awo kwina, kulipira ngongole imene sanadye nawo.

Wowerenga wanu,
Zomba