Lipoti la msonkhano wa omasulira: mawu a Chijapani otchulira milungu

Wapampando ndi anzathu nonse m'gulu la omasulira, nazi zomwe tatenga kumsonkhano womwe munatituma.

Nkhani inakula pa liwu loti kami. Ambiri timathamangira kulemba kuti "Mulungu", ndipo m'pamene pamalakwika. Katswiri wina wa ku Japan, Motoori Norinaga (1730–1801), anafotokoza kuti kami ndi chilichonse chachilendo chopatsa mantha ndi ulemu, chabwino kaya choipa: phiri, mtengo, bingu, ngakhale munthu. Ajapani akamati yaoyorozu no kami, akunena kami 8 miliyoni, koma tanthauzo lake n'lakuti ndi osawerengeka. Powawerenga amagwiritsa ntchito liwu loti hashira, lomwe ndi mzati. Chilembo chomwecho cha kami chikaphatikana ndi china chimamveka shin kapena jin, monga mu Shinto, chipembedzo cha makolo cha Ajapani, ndi mu jinja, kachisi wa chipembedzocho.

Chitsanzo chomwe chinatithandiza ndi Sugawara no Michizane, nduna imene inafera kutali atayipirikitsa, mu 903. Kutagwa masoka, anthu anati mzimu wake wakwiya, n'kuyamba kumupembedza ngati Tenjin. Lero ana asukulu amakamupempha mwayi wa mayeso. Mchewa akamva zimenezi aganiza za Mbona wa ku Khulubvi, osati Namalenga.

Amishonale nawo anapunthwa pomwepa. Francis Xavier atafika ku Kagoshima, ku Japan, mu 1549, womumasulira, Anjirō, anamupatsa dzina loti Dainichi kuti azitchulira Mulungu. Ansembe achibuda a gulu la Shingon anasangalala, poti ameneyo ndi Buda wawo wamkulu. Xavier atazindikira, mu 1551 analisiya n'kutenga Deusu kuchokera ku Chilatini, koma otsutsa ankamuseka kuti likumveka ngati dai uso, bodza lalikulu. Kenaka Akatolika anadzagwiritsa ntchito Tenshu, Mwini kumwamba. Baibulo la Apulotesitanti la 1887 linasankha kami, ndipo Akhristu a kumeneko lero amati Kami-sama, sama kukhala liwu laulemu.

Pempho lathu n'lakuti m'zolemba zachikhristu tizilemba "Mulungu", koma m'nkhani za Shinto tizisiya kami momwemo, n'kufotokoza kamodzi koyambirira. "Mzimu" tiziugwiritsa ntchito pokhapokha kamiyo anali munthu, kapena ndi ujigami, woteteza fuko kaya dera. Tisamalenso ndi hotoke: ndi Buda, inde, koma Ajapani amatchulanso choncho munthu womwalira, ndiye m'nkhani ya maliro tilembe "malemu".