Kiyi wa mabuku a bizinesi asakhale m'thumba la mnyamata wa makompyuta

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi eni mabizinesi a ku Limbe ndi m'tauni ya Blantyre amene ayamba kuchotsa mabuku awo m'makabati ndi m'makompyuta a mu ofesi n'kumawasunga pa cloud, kutanthauza pa makina a makampani ena amene mumawafikira kudzera pa intaneti. Ine ndine akauntanti. Ndimalemba mabuku a mashopu angapo a hadiweya, famase imodzi ndi kampani ina ya malole, ndipo ambiri mwa iwo ndinawakankha ndine kuti asamuke.

Chifukwa chake sichovuta. Amene tinali kuno mu Malichi 2023 tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche. Madzi sasankha kuti ili ndi buku la ngongole. Chaka cha 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi ankangothimathima, ndipo makompyuta ena a pa desiki anapsa pamodzi ndi zonse zinali m'kati. Fayilo yosungidwa pa makina a kampani ina kutali siiona zimenezi. Microsoft inatsegula malo ake osungira mafayilo ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Malo amenewo ali ndi majenereta, alonda ndi akatswiri amene shopu ya ku Limbe singawakwanitse ngakhale itagulitsa simenti chaka chonse.

Nkhawa yanga ili pafupi pompano, pa kauntala. Eni mabizinesi amandifunsa ngati akuba a pa intaneti a kunja sangathyole Google. Ine ndimawafunsa kuti akaunti yawo inatsegulidwa m'dzina la ndani, ndipo ambiri amangoyang'anana ndi mkazi wawo.

Zimayenda chonchi. Bwana aitana mnyamata wodziwa makompyuta, mwina mphwake kapena mnzake wa mwana wawo. Mnyamatayo atsegula akaunti ndi imelo yake, aikanso nambala ya foni yake kuti manambala achinsinsi otsimikizira azibwera kwa iye. Pasiwedi ndi dzina la shopu kuphatikiza chaka. Ailemba pa kapepala n'kumata kunsi kwa kiyibodi, kenako wina aiponya pa gulu la WhatsApp la antchito kuti wa sitolo asamavute ndi mafoni. Wantchito akachotsedwa palibe amene amakumbuka kuisintha.

Kasitomala wanga wina wa hadiweya anasemphana mawu ndi mnyamata wotereyu pa nkhani ya malipiro. Mnyamata anakwera basi ya ku Joni, simu yake ya kuno n'kusiya kugwira ntchito. Itakwana nthawi yokonza za VAT, tinayesa kulowa pa laputopu yanga, makina n'kunena kuti atumiza nambala ku foni yothera ndi manambala amene bwanayo sankawadziwa n'komwe. Anakhala chete atagwira mbewa ya kompyuta, kenako anafunsa kuti, "Ndiye ofesi yawo ili kuti tikawaone?" Kulibe ofesi yoti n'kupitako. Mndandanda wa ongongola, mitengo ya kwa masapulaya, malipiro a antchito, zonse zinali bwinobwino, koma kuseri kwa chitseko cha munthu wina. Tinachita kulembanso kuchokera ku mabuku a malisiti ndi masitetimenti a ku banki, ndipo ngongole zina zinangopita choncho chifukwa ongongolawo sanadziulule.

Palibe amene angamange nyumba n'kulola kuti mmisiri alembetse malo m'dzina lake, koma ndi mabuku a bizinesi tikuchita zimenezo tsiku ndi tsiku. Akaunti itsegulidwe ndi imelo ya bizinesi, nambala ya foni ikhale ya mwini wake, ndipo wantchito aliyense apatsidwe khomo lakelake (dzina ndi pasiwedi yakeyake) lofika pa zimene zikumukhudza basi. Kashiya alibe chifukwa choonera malipiro a manijala. Tsiku limene munthu watsanzika, khomo lake litsekedwe asanafike pa siteji ya minibasi.

Akuba enieni aliponso, koma nawonso amalowera pa khomo lomweli. Tonse tinaimbiridwapo ndi munthu wonamizira kuti akuchokera ku kampani ya foni kapena ku banki, akufuna PIN ya Airtel Money kapena ya Mpamba. A pa imelo njira yawo ndi yomweyo. Amatumiza uthenga wooneka ngati wochokera ku Microsoft, munthu n'kulembamo pasiwedi yekha. Akalowa sachita phokoso. Amawerenga makalata anu kwa masabata, kenako amakutumizirani invoisi ya sapulaya wanu weniweni atasintha nambala ya akaunti ya ku banki. Ine sindilola kasitomala kulipira ku akaunti yatsopano asanaimbe foni pa nambala yakale ya sapulayayo. Ena amati ndimachulutsa gaga. Chabwino, nanene. Boma lenilenilo linaona zakuda mu Febuluwale 2024, pamene mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a mapasipoti alowereredwa ndipo achiwembuwo akufuna dipo. Anthu anakhala masabata osalandira mapasipoti.

Palinso nkhani ya madola, imene ogulitsa mapulogalamu a pa cloud amaidumpha. Ambiri amalipiritsa mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo unakwera usiku umodzi, ndipo amene amalipira ndi khadi akudziwa mmene limakanira forex ikasowa. Mukalephera kulipira, amakutsekerani. N'chifukwa chake mwezi ukatha ndimakopera mabuku onse pa hadidisiki imene imagona kunyumba kwa mwini bizinesi, osati mu shopu.

Za malamulo ndi ochepa amene amazidziwa. Tili ndi lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa intaneti, komanso lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, limene MACRA ndiyo ikuyang'anira. Famase imene yasunga maina a odwala ndi mankhwala awo, kapena shopu imene yajambula zitupa za ongongola, ili ndi udindo pa zinthu zimenezo ngakhale zitasungidwa ku Cape Town. Zikatuluka, wofunsidwa ndi mwini famaseyo.

Pempho langa lipite kwa MACRA ndi a bungwe la amalonda la MCCCI ku Chichiri. Misonkhano ya m'mahotela yachingerezi imafikira mabanki ndi makampani akuluakulu, amene ali kale ndi madipatimenti a makompyuta. Bwerani ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Chirimba Loweruka masana mashopu akatseka, mudzaphunzitse m'Chichewa, aliyense atagwira foni yake, mpaka mwini shopu asinthe yekha pasiwedi ndi kuika nambala yake pa akaunti. Ine makasitomala anga ndidzabwera nawo.

Akauntanti,
Limbe, Blantyre