Tepi singayeze nzeru za anyamata athu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yoyeza mitu ya anyamata pofuna kudziwa kukula kwa ubongo wawo, chifukwa mmene anthu akuitengera pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp zikundidetsa nkhawa, ena afika ponena kuti mtundu wakutiwakuti ndi wanzeru poti uli ndi mitu ikuluikulu.

Zomwe ofufuzawo amachita sizovuta. Amayeza mutu kuchoka pamphumi kukafika kunkhongo, mulifupi mwake, komanso kuchoka pabowo la khutu kufika paliwombo, kenako manambalawo amawalowetsa m'masamu, ambiri amagwiritsabe ntchito masamu omwe anatulutsa Alice Lee ndi Karl Pearson ku London mu 1901. Chotuluka pamenepo nkungoyerekeza malo omwe ali mkati mwa chigaza basi, ubongowo sanauone, ndipo fupa ndi khungu makulidwe ake amasiyana munthu ndi munthu. Nzothandiza kwa ophunzira za thupi la munthu, izo sindikukana, koma si mayeso a nzeru ayi.

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu 1.3 mpaka 1.4. Wa Albert Einstein, katswiri wotchuka wa sayansi, atauyeza mu 1955 unapezeka magalamu 1,230, osafika ndi pa mulingo wa amuna ambiri. Wa Anatole France, mlembi yemwe anapata mphoto ya Nobel mu 1921, unangopitirira kilogalamu imodzi pang'ono. Ngakhale pojambula ndi makina a MRI, omwe amaonetsa za mkati mwa thupi, kugwirizana kwa kukula kwa ubongo ndi kukhoza mayeso kumapezeka inde koma nkochepa, sungaloze mwana mmodzi nkunena kuti uyu ndi mbuli.

Chikundiwawa kwambiri nchakuti ife anthu akuda tepi imeneyi inatizunzapo kale. Samuel Morton wa ku Philadelphia cha m'ma 1830 ankathira njere, kenako timipira ta mtovu, m'zigaza za anthu akufa nkumaika azungu pamwamba, ife pansi, ndipo oikira kumbuyo ukapolo anazikonda zimenezo, chonsecho Friedrich Tiedemann wa ku Germany anali atalemba kale mu 1836 kuti sanapeze kusiyana kotero pakati pa ubongo wa munthu wakuda ndi wa mzungu. Zigaza za Aherero ndi Anama zinatengedwa ku Namibia kupita ku Berlin kukayezedwa, 20 zoyamba zinabwerera kwawo mu 2011. Ndiye lero tiyambe tokha kuyezana mitu, uyu Mchewa uyu Mtumbuka uyu Mlhomwe, zoona?

Komwe tepi ili ndi ntchito yeniyeni nkusikelo. Khanda limabadwa ndi mutu wozungulira masentimita 34 kapena 35, ndipo ukamakula mothamanga kwambiri mwina muli madzi m'mutu, matenda omwe madokotala amatha kuchita opaleshoni akawapeza msanga, ukamatsalira napo pamafunika kufufuza. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osafika zaka zisanu kuno ku Malawi ndi opinimbira, ndipo kunyentchera m'masiku 1,000 oyamba kumasokonezadi kakulidwe ka ubongo. Mnyamata wa zaka 20 mutu wake unamaliza kale kukula. Chonde Akonzi tipezereni dokotala wa ana alembe munyuzi muno za kuyeza mitu ya makanda, amayi ndi abambo adziwe chofunsa anamwino akapita kusikelo.

Ine wowerenga wanu,
Zomba