Nthochi ya pakhoma tiiseke, koma maswiti a Ross ayi

Akonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzi yanu kuti ndinenepo za nkhani imene anthu sakutopa kuiseka. Chimvekereni kuti nthochi imodzi yomatidwa pakhoma ndi tepi inagulidwa madola 6.2 miliyoni ku New York mu Novembala 2024, aliyense womva mawu akuti luso lamakono amangopukusa mutu n'kunena kuti azungu ndalama zawazunguza mitu. Nanenso ndinaseka. Ndinaganiza za amayi ogulitsa nthochi mumsika wa Limbe, amene amaweruka madzulo ndi ndalama yosakwana n'kugula komwe sopo. Koma kusekako kwatipangitsa kutaya nkhwangwa ndi mpini womwe, ndipo ndicho chandilembetsa kalatayi.

Nthochi ija ndi ntchito ya Maurizio Cattelan wa ku Italy, ndipo anaionetsa koyamba ku Miami mu 2019. Wogula sapatsidwa chipatso choti asunge, popeza chimavunda pasanathe sabata. Amapatsidwa satifiketi ndi malangizo a kamatidwe kake. N'chifukwa chake Justin Sun, amene anaigula, anaisenda n'kuidya atolankhani akuona, ndipo palibe chimene chinatayika. Chogulitsidwa ndi ganizo. Luso lotere pa Chingerezi amati conceptual art, ndipo silinayambe dzulo. Mu 1917 Marcel Duchamp anatenga chokodzeramo amuna cha m'chimbudzi, n'kulembapo dzina lopeka lakuti R. Mutt, n'kuchitumiza ku chionetsero cha ku New York kumene lamulo linali lakuti aliyense wolipira madola 6 aonetsa ntchito yake. Akuluakulu a chionetserocho anachibisa. Chinthucho chinasowa kalekale, chinatsala ndi chithunzi chake, koma funso lakuti ndani amagamula kuti ichi ndi luso silinasowe.

Za mtengo wa nthochi sindiikira kumbuyo munthu. Amenewo ndi masewera a anthu olemera, ndipo aziona okha. Ine ndabwera ndi mulu wa maswiti.

Mu 1991 Felix Gonzalez-Torres, wobadwira ku Cuba koma wokhala ku America, anaunjika maswiti okulungidwa m'timapepala tonyezimira ta mitundumitundu pakona ya chipinda. Anati kulemera kwa muluwo kukhale mapaundi 175, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 79. Anautcha chithunzi cha Ross ku Los Angeles. Ross Laycock anali wokondedwa wake, ndipo anamwalira ndi Edzi chaka chomwecho. Ambiri amati kulemera kuja ndiko kwa thupi la Ross asanayambe kudwala. Aliyense wolowa m'chipindamo amaloledwa kutola switi n'kudya. Mulu umaphwa tsiku ndi tsiku, kenako osunga nyumbayo amathiramo ena. Ntchitoyi imasungidwa ku nyumba yoonetsera zaluso ya Art Institute of Chicago. Gonzalez-Torres naye anapita ndi matenda omwewo mu 1996.

Ku Chicago sindinapondeko. Ntchitoyi ndinangoiwerenga, n'kuona chithunzi chake pa foni ya mwana wanga, koma usiku umenewo tulo sindinatione. Amene tinali akuluakulu m'zaka za m'ma 1990 sitifunika munthu wotimasulira mulu umene ukuchepa anthu akuuyang'ana. Tinkati kaliwondewonde, ndipo tinkanena monong'ona. Mng'ono wanga anali mnyamata wojintcha, wonyamula thumba la chimanga yekha popanda womutwika. Chaka chake chomaliza ndinkamuboolera lamba ndi msomali, bowo lina, patapita mwezi linanso, mpaka lambayo anayamba kuzungulira kufika kumsana. Nditaona maswiti aja ndinaona mabowo aja. Ndipo chimene chinandibaya kwambiri n'chakuti wochepetsa muluwo ndi mlendo amene wabwera ndi mtima wabwino, watola kamodzi kokha, ndipo mkamwa mwake mukutsekemera.

Mayi a kunyumba nditawafotokozera sanaone zimenezo. Iwo anati anthu otola maswitiwo ndi achibale a pamaliro: uyu wanyamula wailesi, uyu njinga, uyu malata, aliyense akuti watenga kochepa kokumbukira malemu, mpaka wamasiye atsala pamkeka. Anaziona ndi maso awo kwawo, nanga ndingawatsutse bwanji? Mwana wathu wamkazi, amene wakula ma ARV akuperekedwa kale ulere m'zipatala za boma kuyambira 2004, anangofunsa kuti, "Nanga si mwati amathiramo ena?" Kwa iye nkhani yonse inali pa kubwezeretsako, munthu kuwonda n'kudzanenepanso, monga waonera azakhali ake. Tinakhala pakhonde mpaka nsima kuzizira, anthu atatu kulimbana za maswiti amene palibe mmodzi wa ife anawalawa. Chithunzi cha nkhope ya Ross chopentedwa mwaluso tikanangoti n'chokongola, n'kupitiriza kudya.

Ndikudziwa chimene anzanga ena anene, chifukwa anandiuza kale pa bawo: ngati aliyense aona zake, ndiye kuti chinthucho chilibe tanthauzo. Ndimawayankha ndi chilape. Woponya akati "Chilape!" ndipo pasapezeke woyankha kuti "Nachize!", masewera athera pomwepo, amayamba ndi mmodzi koma amatsiriza ndi wina. Kusiyana kwake n'kwakuti chilape chili ndi yankho limodzi limene woponya walibisa m'thumba, pamene apa mwini ntchito alibe yankho loti akuuzeni mukagonja. Komabe sanakusiyeni m'tchire. Wakupatsani dzina la munthu, chaka, ndi kulemera kwa thupi, ndipo maganizo anu amayenda m'kati mwa mpanda umenewo. Wonena kuti mulu uja ukukamba za mtengo wa shuga ndiye kuti sanamvetsere.

Pamenepa ndiponso pali kufooka kwa luso limeneli, ndipo ndikuvomera. Mukachotsa kachikwangwani kofotokoza, otsala ndi maswiti basi. Mu 2022 anthu anadandaula kwambiri atazindikira kuti mawu a pakhoma ku Chicago kuja sankatchulanso za Edzi kapena za ubale wa anthu awiriwa. Anali ndi chifukwa chokwiyira. Chosema cha mtengo wa phingo chimadziyankhulira chokha ngakhale chitagwera m'manja mwa munthu wosadziwa mbiri yake. Ntchito ya ganizo imadalira kukhulupirika kwa woisunga.

Wina asati izi n'zakunja zokhazokha. Samson Kambalu, mwana wa konkuno amene anaphunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College, ndipo tsopano amaphunzitsa ku Oxford, anatchuka mu 2000 ndi mpira wamiyendo wokutidwa ndi masamba a Baibulo, umene anautcha Holy Ball, n'kuitana anthu kuti ausewere. Ndi yemweyu amene chosema chake cha John Chilembwe atavala chipewa chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu Seputembala 2022. Za mpira uja ndadzifunsa kangapo. Ndinakula ndikumenya chikulunga opanda nsapato, ndipo mpira ukagubuduka kubwera kumene ndili, mwendo umanyamuka wokha. Komanso ndine munthu wa mpingo, amene amayi anga ankandikalipira ndikaika Baibulo pansi. Ndikuganiza kuti ndikanautola ndi manja n'kuupukuta fumbi, anyamata akundiseka. Kambalu sanandiuze kuti chabwino n'chiti. Ena mumpingo mwathu angati n'chipongwe, ndipo sindingakangane nawo kwambiri.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi ili. Tsamba lanu la zaluso limadzaza ndi oimba ndi mipikisano ya chiphadzuwa, ndipo luso la mtundu uwu limalowamo pokhapokha pakamveka mtengo wododometsa. Mutapatula kakona kamodzi pamwezi, mtolankhani afotokoze ntchito imodzi mosakometsera, chimene chili m'chipindamo, anachipanga ndani, liti, kenako musindikize makalata a owerenga onena chimene aonapo. Sipafunika ndalama ya ndege. Muyambe ndi mpira wa Kambalu, ndipo kalata ya mayi a kunyumba ikhala yoyamba kufika, chifukwa iwo ndi ine sitinagwirizanebe.

Ine wanu wowerenga,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Zomba