Kalata kwa mwana wanga ku Stirling

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka bwino, kaya iwe kumeneko pamodzi ndi amuna ako ndi adzukulu angawo. Ndalama zija zinafika, ndipo amayi ako agula kale feteleza. Tathokoza kwambiri.

Chandilembetsa kalatayi ndi china. Mdzukulu wanga wamkulu uja anandiuza pa foni kuti kusukulu akuphunzira za William Wallace, ngwazi ya ku Scotland imene inagonjetsa asilikali a ku England pa mlatho wa pa Stirling. Nditamufunsa ngati anakwerako pa nsanja ya Wallace, anati ayi, amangoionera pa windo la basi. Zinandikhudza. Ndikudziwa mmene mashifiti a usiku amathyolera thupi, ndikudziwanso kuti tsiku lopuma limathera pa kuchapa, kugona ndi kukagula zakudya. Sindikukudzudzula. Koma ndimaona kuti ukukhala m'dziko la Scotland limenelo ngati munthu wodikira basi padepoti, katundu ali m'manja, mtima uli kuno. Iwe ukhoza kupirira moyo wotere, koma anawo akukulira kumeneko. Mwana wosadziwa mbiri ya malo amene akukhala amangoyenda mwamanyazi pakati pa anzake. Atenge, ukwere nawo phiri lija la linga.

Mukafika pabwalo la kutsogolo kwa linga la mafumu la Stirling, limene lili pamwamba pa thanthwe, musathamangire kulowa. Imani kaye muyang'ane pansi. Mudzaona mtsinje wa Forth ukukhotakhota m'chigwa, kumpoto kuli mapiri. Minda yosalala imene ili kumadzuloyo kalekale inali dambo la matope, losadutsika ndi gulu la asilikali ndi akavalo. Kum'mawa mtsinjewo umatambalala mpaka kunyanja. Choncho wofuna kuchoka kumwera kupita kumpoto ankayenera kuwolokera pa mlatho wa pa Stirling, ndipo amene wakhala pamwamba pa thanthwelo ankaona aliyense wodutsa. Mwana akamvetsa chimenechi, nkhondo zonse zimene akuwerenga m'buku zidzamveka zokha. Pa zaka zonse zimene ndinaphunzitsa mbiri, ana anga ankangoloweza maina a malo amene sadzawaona. Ako ali ndi mwayi woima pomwepo.

M'kati mwa lingamo muli holo yaikulu imene Mfumu James IV inamaliza kumanga cha m'ma 1503. Kunja kwake ndi kwachikasu, ndipo anawo asaganize kuti ndi penti wa masiku ano wongokometsera: kale ankaipaka laimu wa mtundu womwewo kuti izionekera patali. Mulinso nyumba yachifumu ya James V ya m'zaka za m'ma 1540, momwe mumakhala anthu ovala zovala zakale amene amayankha mafunso. Uwalimbikitse anawo kufunsa, paja safunsa anadya phula. Musadumphe kukhitchini. Nthawi ija tinabwera kudzaona khanda, ine ndinakhalitsa kumeneko kuposa m'zipinda za mafumu, kuyang'ana zifanizo za ophika, wina akukanda ufa wa buledi, wina akusenza nyama. Anthu amenewo ndiwo ankadzuka kusanache kuti mfumu idye, ndipo ana a munthu wogwira ntchito usiku ayenera kuwaona. M'linga lomweli ndimo analongera ufumu Mary, mfumukazi ya Scotland, mu 1543, ali khanda la miyezi 9. Polowa amalipiritsa, ndiye uyambe waona mitengo pa intaneti, ufunsenso za khadi la chaka chonse la Historic Scotland, bungwe losamalira lingalo, ngati mukufuna kumabwererako.

Koma malo amene ndikufunitsitsa kuti mukafike ali m'munsi pang'ono, tchalitchi cha Holy Rude. Ambiri amangochidutsa pothamangira ku linga. Mpingo unayamba pamalopo mu 1129, ndipo nyumba imene ilipo lero ndi ya m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500. Mukalowa muyang'ane kumwamba: mitanda ya denga ya mtengo wa oak ndi yomweyo imene amisiri a nthawi imeneyo anasema ndi manja. M'tchalitchi chimenechi analongera ufumu James VI mu 1567 ali ndi miyezi 13, ndipo amene analalikira tsikulo anali John Knox, mmodzi mwa makolo a Chipresibeteriya chimene iwe unabatizidwiramo. James yemweyo ndi amene dzina lake lili pa Baibulo lachingerezi la 1611.

Pali nkhani ina ya m'tchalitchimo imene sichoka m'mutu mwanga. Mu 1656 abusa ndi akhristu a pamenepo anakangana mpaka anamanga chipupa pakati pa tchalitchi. Mbali iyi mpingo wake ndi mbusa wake, mbali iyo wakenso, denga limodzi. Chipupacho chinagwetsedwa mu 1936. Tawerengera wekha, zaka 280. Amene anayambitsa mkanganowo anafa, ana awo anafa, zidzukulu zinabadwa n'kupeza chipupa chilipo, n'kumaganiza kuti ndi mmene tchalitchi chimakhalira. Ine monga mkulu wa mpingo ndaonapo mikangano ya pasesheni imene imayamba ndi mawu awiri okha, ndipo nditaima m'menemo ndinachita mantha. Uwauzenso anawo kuti amishoni amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876 anachokera ku mipingo iwiri ya ku Scotland imene inali itagawikana kwawoko, koma kuno Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana mu 1924 n'kupanga CCAP, Nkhoma n'kulowa mu 1926. Akalowa m'tchalitchimo asadzione ngati alendo otheratu. Sichikhala chotsegula kwa alendo chaka chonse, ndiye ufunse kaye masiku ake.

Kuseri kwake kuli manda akale ndi kamwala kotchedwa Ladies' Rock, pomwe linga limaoneka bwino kwambiri, ndipo njira ya Back Walk imatsata khoma lakale la tawuni pansi pa mitengo. Zimenezi n'zaulere. Ngakhale mwezi utavuta, mukhoza kupita ndi buledi ndi tiyi wa m'fulasiki.

Za Wallace muzisungire tsiku lina, musaunjike zonse pamodzi anawo angadane nazo. Yambirani pa mlatho wakale wamiyala, koma muwauze zoona: umenewo si mlatho wa nkhondo ija. Wa pa 11 September 1297 unali wamatabwa, chakumtunda pang'ono, wopapatiza moti akavalo ankawoloka awiriawiri. Wallace ndi mnzake Andrew Moray anadikira pa phiri la Abbey Craig mpaka gawo lina la asilikali a ku England litawoloka, kenaka anatsika n'kutseka njira ya pamlatho. Owolokawo analibe kothawira, ndipo ambiri anamira. Moray anavulala n'kumwalira chaka chomwecho, ndipo lero dzina lake silimveka ngati la Wallace. Mdzukulu wanga alidziwe dzina limenelo, ndipo akumbukirenso kuti omirawo anali ana a anthu.

Nsanja ya Wallace ili pa Abbey Craig pomwepo. Si ya nthawi ya nkhondoyo, anaitsegula mu 1869. Ili ndi masitepe 246 ozungulira, opapatiza, ndiye wamng'onoyo umugwire dzanja ndipo muzipumira m'zipinda za m'njira. M'chipinda china muli zosema za mitu ya anthu otchuka a ku Scotland, ndipo pakati pawo pali David Livingstone. Uwasiye anawo amupeze okha. Pobwerera mudzere ku Cambuskenneth, m'khonde mwa mtsinje, kumene Mfumu David I inakhazikitsa nyumba ya ansembe cha m'ma 1140. Chatsala choimirira ndi nsanja ya belu, ndipo pafupi pali manda a James III ndi mkazi wake Margaret wa ku Denmark. Ndi malo abata, abwino kukhala pansi n'kudya kamba wanu. Ku Bannockburn, kumene Robert Bruce, mfumu ya Scotland, anagonjetsa Edward II wa ku England mu 1314, mwina sukulu idzawatengera yokha.

Tsono za phiri la Dumyat. Ndi lotalika mamita 418 okha, ndipo iwe amene unakwerapo Mulanje ukhoza kuliseka. Usalipeputse. Mphepo ya pamwamba pake imalowa mpaka m'mafupa, ndipo kumeneko dzuwa likhoza kuwala m'mawa, masana n'kugwa mvula ndi nkhungu. Aliyense akhale ndi jekete losalowa madzi ndi nsapato zogwira pansi, osati zoyendera m'tawuni. M'miyezi yozizira kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, ndiye muzinyamuka m'mawa, kapena mudikire June ndi July pamene kumawala mpaka usiku. Lamulo la ku Scotland la 2003 limalola anthu kuyenda m'mapiri ndi m'malo ambiri a eni ake, bola mwaulemu: geti mulisiye mmene mwalipezera, nkhosa musazithamangitse, zinyalala mubwerere nazo. Mukafika kunyumba uwayang'ane anawo m'miyendo, m'khwapa ndi kuseri kwa makutu, chifukwa m'maudzu amenewo mumakhala nkhupakupa zimene zimafalitsa matenda a Lyme. Iwe wachipatala ukudziwa kuposa ine.

Akamwini anga asatsale. Muone pa ndandanda wa ntchito tsiku limene nonse muli opuma, mulilembe pakalendala, ndipo wina akakupempha kuti umugwirire shifiti tsiku limenelo, ukane. Ngati mwezi umenewo ndalama yotumiza kuno ichepa, ichepe. Ine ndi amayi ako takambirana kale, sitigona ndi njala.

Mukapita, mdzukulu wanga wamkulu andilembere kalata m'Chichewa, andiuze zimene waona pamwamba pa nsanja ndiponso ngati anamupeza Livingstone. Zolakwika ndidzamukonzera ndekha. Amayi ako akuti uwatumizire zithunzi za anawo, osati za miyala yokhayokha. Azakhali ako akupezako bwino tsopano, ayambanso kupita kumunda. Upereke moni kwa onse.

Ndine,
Bambo ako