Lipoti la ulendo wa ku Blantyre pa nkhani ya mafuta a tigalimoto ndi kahelikopita kathu

A Tcheyamani, a komiti ndi anzanga nonse a kalabu yathu ya pa Chitakale,

Ndabwerako ku msonkhano wa anthu oyendetsa tigalimoto ndi tindege ta rimoti womwe munandituma Loweruka lija. Ndinanyamuka m'bandakucha pa minibasi ya msewu wa Midima, ndipo ndinabwerera kutada. Risiti ya chakudya ndawapatsa a Msungichuma. Ya minibasi palibe, nonse mukudziwa kuti kondakitala salemba risiti.

Za m'mawa ndingodutsa: malonje, malamulo a mpikisano, ndi bambo wina amene anayankhula za mabatire a rimoti mpaka anthu ayamba kusinza.

Ndalama yanu inagwira ntchito masana. Kunabwera mdala wina waimvi, m'manja muli kainjini kophwasula, n'kuika patebulo mabotolo atatu. Amene ife timangowatchula kuti mafuta a nitro ndi zinthu zitatu zosakaniza. Chochuluka ndi methanol. Kenako pali nitromethane, amene amabwera ndi mpweya wakewake wothandiza moto, n'chifukwa chake injini imalusa mukamuwonjezera. Chachitatu ndi oyilo. Kainjini aka kalibe malo osungira oyilo ngati galimoto yeniyeni, choncho oyilo yense woteteza pisitoni ndi mabering'i amalowera limodzi ndi mafutawo, n'kutulukira ku ekizozi atanyamulako kutentha. Utsi woyera uja ndi umenewo.

Anatiyendetsera pulagi, kachipangizo koyatsa mafuta m'injini, kuti aliyense aione pafupi. M'kati mwake muli kawaya kopiringizika ka platinum, kowonda ngati tsitsi. Mukakayatsa ndi batire ya mavolti 1.5 kamafiira, ndipo injini ikalira mumachotsa batire, kawayako n'kumapitiriza kufiira kokha chifukwa cha methanol amene akukakhudza. Apa ndinakweza dzanja, ndikufunsirani funso lanu lija loti kodi m'malo mwa methanol tingathire ethanol wa ku Chikwawa ndi ku Dwangwa, poti ndi wathu wa konkuno. Anati ethanol sagwirizana bwino ndi kawayako, injini imazima mukangochotsa batire. Sipiliti wa m'golosale ndi chimodzimodzi. Wina kumbuyo anafunsa za kachasu, holo yonse kuseka.

Tsopano mvetserani pano, chifukwa ndi pamene tinapsera chaka chatha. Mafuta a galimoto ndi a helikopita ndi osiyana, ngakhale pa zigubu zonse atalemba nitro 20 peresenti. Chosiyana ndi oyilo. A tigalimoto ta mpikisano amakhala ndi oyilo wochepa, mwina 8 kufika 12 peresenti, poti galimoto imathamanga, kuchepetsa pokhota, kuthamanganso, injini n'kumapumako. Helikopita ikanyamuka injini imalira pamwamba mpaka itatera, ili yobisika m'kati, ikudalira kafani. Imafuna oyilo wa 18 peresenti kapena kuposerapo. Ife tinathira mafuta a galimoto m'kahelikopita kathu, tikuti mafuta ndi mafuta. Ndinanena tsiku lomwelo pa bwalo kuti utsi wachepa, ndipo ndinayankhidwa kuti ndisamadziyese injiniya. Ndinatenga pisitoni ya injini yathu yowonongekayo m'thumba n'kukamuonetsa mdala uja. Anaitembenuza kamodzi, n'kuloza mizere yokalika m'mbali, n'kundifunsa kuti tinkathira mafuta anji. Sinditchula dzina la munthu, koma ndalama ya injini ija tinasonkha tonse, ndipo mpaka lero palibe amene anaimirira kupepesa.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi nsatsi. Oyilo amene akatswiri akhala akudalira kuyambira kale ndi wa nsatsi zomwezi zimene zimamera zokha kuseri kwa makhola kwathu kuno. Injini ikatentha mopitirira, wa nsatsi amakakamirabe pa chitsulo pomwe wopangidwa ku fakitale amatha kupsa n'kuuluka. Choipa chake amasiya utomoni wofiirira pa injini, ndiye ambiri amasakaniza mitundu iwiriyi, ndipo a helikopita amakonda wa ku fakitale. Ndinafunsa ngati tingayenge tokha monga ankachitira agogo athu. Anati wa pakhomo amakhala ndi zinyalala ndi madzi, afunika woyeretsedwa bwino. Ine ndikuonabe kuti ndi nkhani yoti tikafunse ophunzira a ku yunivesite ya MUST ku Thyolo kuno pafupi, m'malo mongoti n'zosatheka.

Methanol amayamwa madzi a mumpweya. Anthu a ku Blantyre amadandaula nazo, nanga ife a pansi pa phiri, kumene chiperoni chimatha masiku atatu zovala zosauma? Chigubu chikakhala chosatseka, mafuta amamwa chinyontho, injini n'kumavuta kulira, mabering'i n'kuchita dzimbiri. Chigubu chathu ndinachipezapo kawiri m'kachipinda kosungira katundu chivindikiro chili pambali. Makiyi a kachipindako ali ndi anthu angati, a Tcheyamani? Funsoli ndinafunsa mwezi wa Juni ndipo silinalembedwe n'komwe m'maminitsi. Malangizo ndi akuti chigubu chizitsekedwa nthawi yomweyo, chikhale pamthunzi, ndipo tikamaliza kusewera tikhuthule thanki, tilize injini mpaka izime yokha, kenako tidonthezemo oyilo pang'ono. Methanol ndi poizoni, womwa amatha kuchita khungu kapena kufa, ndipo moto wake suoneka bwino masana. Mchitidwe woyamwa kapayipi ndi pakamwa utheretu, makamaka ana athu a sukulu akuona. Petulo nayenso asayandikire, amawononga timapayipi ta silicone. Ndi wa magalimoto akuluakulu aja a injini ngati ya makina otchetchera udzu.

Pomaliza msonkhano unagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, makalabu asonkhe ndalama tiyitanitse mafuta pamodzi kuchokera ku Johannesburg pa msewu, poti m'chikwama cha pa ndege salola zinthu zoyaka. Ndinavomera m'malo mwanu, koma ndinaumirira kuti zigubu zikhale za mitundu iwiri, ndipo kwa ife nitro wa 16 kapena 20 peresenti ndi wokwana. Wa 30 ndi wodula, amafuna pulagi ina ndi kutchunanso singano yolowetsera mafuta m'injini, ndipo pa bwalo lathu la mabampu liwirolo tilibe kopita nalo. Chachiwiri, anati ongoyamba kumene azigula za batire. Apa ndinakana. Iwo akunena za ukhondo ndi phokoso, koma sanafunse kuti batire tizitchaja ndi chiyani magetsi akazima tsiku lonse, ndipo anyamata athu amabwera kudzaphunzira injini. Mavoti anandiposa.

Gawo lathu la ndalama likufunika mwezi uno usanathe. A Msungichuma, theka la alawansi yanga lija ndikulidikirabe.