Mayi wa probation anachoka, mafayilo a ana athu atsala pa tebulo

A Mkonzi,

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Chandilembetsa kalatayi ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe chaka chatha, ali ndi zaka 15, anagwidwa ataba foni pamsika. Ine monga mwinimbumba ndinaitanidwa kupolisi, ndipo kumeneko ndinakumana ndi mayi wina wa probation, ofisala wa boma woyang'anira ana olakwira malamulo, mmodzi wa anthu aja kumudzi timangoti "a social".

Mayiyo anafika kwathu pa kabaza, atalipira ndi ndalama za m'thumba mwake chifukwa njinga yamoto ya ku ofesi inalibe mafuta. Anakhala pamkeka mpaka dzuwa kupendeka. Anacheza ndi agogo ake a mnyamatayo, anapita kwa amfumu, kusukulu, ngakhalenso kwa mwini foni. Lipoti lomwe analembera khoti ndi lomwe linathandiza kuti mlandu uthe ndi kubweza foni, kupepesa ndi kubwerera m'kalasi, m'malo moti mwanayo atumizidwe kumalo osungirako ana olakwira malamulo ku Mpemba kapena ku Chilwa. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limalola njira imeneyi, koma njirayo imayenda pokhapokha pali munthu woti afike pakhomo, aone ndi maso, alembe, kenako azimuyendera mwanayo.

Miyezi yomwe ndinkamuperekeza mphwanga ku ofesi ndinaona zomwe mayiyu ankasenza. Pabenchi pamakhala mtsikana wothawa ukwati, agogo odandaula kuti dzina lawo lasowa pa Mtukula Pakhomo, mayi wofuna kuti mwamuna azipereka thandizo la ana. Onsewa akudikira munthu mmodzi, yemwe mwina ali kukhoti, kapena wathamangira kuchipatala kukaperekeza kamwana kogwiriridwa. Anandiuza kuti nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anakhala masabata ali m'misasa, kulembera ana osiyana ndi makolo awo, milandu ya ana ikuunjikana ku ofesi. Tsiku lina ndinamupeza akulemba lipoti pamanja magetsi atazima, maso ali psuu, ndipo nsima yamasana anali asanadye. Munthu amene tsiku ndi tsiku amamva nkhani zoti ife tikangomva kamodzi tulo sitipeza, iyeyo amakatulira ndani?

Miyezi ingapo yapitayo anasiya ntchito, analowa ku bungwe lina lomwe si la boma. Sindikumuimba mlandu ngakhale pang'ono. Nayenso ali ndi ana ofuna fizi. Koma zotsatira zake ndaziona. Mwana wa mnansi wanga, wogwidwa pa nkhani ya mbuzi, mlandu wake waimitsidwa kawiri chifukwa lipoti silinalembedwe. Bambo amene anatsala pa ofesi ndi munthu wabwino, koma wasenza katundu wa anthu awiri, ndipo mafayilo ena sanawatsegulebe.

Kuyambira 2009, pamene khoti linagamula pa mlandu wa Gable Masangano kuti kuthithikana m'ndende zathu ndi kuphwanya ufulu wa anthu, takhala tikumva kuti olakwa pang'ono asamapite kundende. Mu 2017 tinasinthanso malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, kutanthauza kuti achinyamata a zaka 16 ndi 17 nawonso analowa m'manja mwa maofisala omwewa. Ntchito tinawonjezera. Nanga manja ogwira ntchitoyo?

Pempho langa kwa akuluakulu ndi aphungu pokambirana bajeti ndi loti wa probation akhale wa probation basi, asamamugawe pakati pa khoti, misasa ndi kaundula wa Mtukula Pakhomo. Mafuta oyendera ana akhale ndalama yodziwika mwezi ndi mwezi, osati yodikira msonkhano wa bungwe kuti akwere nawo galimoto. Ndipo amene wagwira zaka zambiri akwezedwe pa udindo asanayambe kusuzumira kwina, chifukwa akachoka amapita ndi zonse zomwe akudziwa za mabanja athu, zomwe sizili mu fayilo iliyonse.

Mphwanga tsopano ali Fomu 2. Kuyambira pomwe mayi uja anachoka palibe amene wabwera kudzamuona, ndipo sabata yatha anandifunsa ngati akuyenerabe kumapita kukasaina. Ndinamuuza kuti Lachiwiri tipitira limodzi.

Malume wokhudzidwa,
Chigawo chakummwera